Akuda anali kuti m'mafilimu oopsa akale aja?

Achemwali ena anditumizira imelo, akuti akhala akuonera mafilimu oopsa akalekale aja opanda kala pa YouTube, ndiye akufunsa kuti kodi nthawi imeneyo ku Hollywood kunalibe anthu akuda odziwa zisudzo? Poti wakuda akangotulukira ndiye kuti ndi wantchito kapena akuvina mozungulira moto.

Analipo achemwali, kungoti malo omwe ankawapatsa anali omwewo mwawaonawo. Tengani Noble Johnson. Bambo ameneyu mu 1916 anayambitsa nawo kampani ya akuda yopanga mafilimu, Lincoln Motion Picture Company, munthu wamutu ndithu, koma mu The Mummy ya 1932 ndi kapolo wa mtembo wouka kwa akufa womwe anasewera mzungu Boris Karloff ndipo mu King Kong ya 1933 ndi mfumu ya pachilumba yopereka atsikana nsembe kwa chinyani. Tangoganizani, munthu woti anali bwana wa kampani.

Imene imandiwawa kwambiri ine ndi White Zombie ya 1932. Nkhani yake ikuchitikira ku Haiti, nthawi yomwe asilikali a America anali atalanda dzikolo, kuyambira 1915 mpaka 1934. Zombie ya anthu a ku Haiti siija yodya anthu ayi, ndi ndondocha yeniyeni ngati timanena kwathu kuno, munthu wophedwa m'matsenga kuti azigwirira mnzake ntchito, ndipo kwa iwo mantha amenewa amakumbutsa ukapolo wa m'minda ya nzimbe. Mufilimumo ndondochazo zikuzunguza chigayo cha nzimbe usiku, ina mpaka kugweramo, palibe olira. Koma mzimayi wachizungu atangosandutsidwa ndondocha, eee, filimu yonse maliro.

Wina ndi Mantan Moreland mu King of the Zombies ya 1941, ntchito yake kutong'ola maso ndi mantha kuti azungu aziseka, chonsecho ndi iyeyo wanyamula filimu yonse.

Akuda nawo sanangokhala. Mu 1940 kunatuluka Son of Ingagi, yolembedwa ndi Spencer Williams, osewera onse akuda, mpaka wasayansi wake ndi mzimayi. Ndalama inali yochepa, zimaonekeratu, koma ionereni.

Kuti wakuda atsogolere filimu yoopsa yotchuka panafunika kudikira mpaka 1968, Duane Jones mu Night of the Living Dead. Wapulumuka usiku onse yekha, kutacha akuomberedwa ndi gulu la azungu omwe amati abwera kudzapulumutsa anthu. Chaka chomwecho ndi chomwe anaphedwa Martin Luther King.