Mayi anga athyoka fupa la ntchafu: kodi tilole opaleshoni?

FUNSO: Mayi anga, a zaka 74, anaterereka pasimenti yonyowa potuluka m'bafa kwathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo titawadzutsa tinaona kuti mwendo wafupika, phazi latembenukira kunja. Kuchipatala atiuza kuti fupa la ntchafu lathyoka chakumtunda pafupi ndi chiuno ndipo pakufunika opaleshoni, koma zitsulo zolumikizira fupalo tigule tokha ndi madola a ku America. Amalume akuti munthu wamkulu chonchi sangapirire mpeni, bola akagone kunyumba. Ine ndimagulitsa tomato kumsika wa Mbare Musika ndipo nzeru zandithera. Tichite chiyani?
Wodandaula, Mufakose

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Amalume anu akulankhula mwachikondi, koma ndikupempheni kuti musawatengere mayiwo kunyumba madokotala asanakulangizeni kutero. Fupa la ntchafu ndi lalitali ndiponso lolimba kuposa mafupa onse m'thupi, choncho likathyoka munthu atangogwa pabwalo, nthawi zambiri zimasonyeza kuti mafupa anayamba kale kufooka, vuto lomwe limagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba.

Chimene chimapha okalamba ambiri amene athyoka fupa limeneli ndi kugona nthawi yaitali. Munthu akakhala pamphasa milungu ingapo osadzuka, amatuluka zilonda kumsana ndi m'matako, amagwidwa chibayo, ndipo magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mwendo n'kupita kumapapo. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuti opaleshoni ichitike msanga, ngati n'kotheka pasanathe maola 48, kuti wodwala ayambe kukhala tsonga ndi kuponda pansi m'masiku ochepa. Njira ina yopanda opaleshoni, yokoka mwendo ndi cholemera, imasunga munthu pabedi milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo fupa lothyokera pamalo amenewa kawirikawiri sililumikizana bwino palokha. Asanawalowetse m'chipinda cha opaleshoni adzawapima mtima, magazi ndi shuga. Amalumewo apite nanu akadzimvere okha.

Za ndalama, werengerani mbali zonse. Mayi akagona kunyumba miyezi, inu mudzasiya tebulo lanu kumsika kuti muziwatembenuza ndi kuwasambitsa, kwinaku mukugula matewera, mankhwala a zilonda ndi kulipira galimoto yobwerera kuchipatala. Ndalama zimenezo zimatuluka pang'onopang'ono, koma zimatha kuposa mtengo wa zitsulo. Malinga ndi ndondomeko ya boma la Zimbabwe, anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo sayenera kulipira ndalama zoonera dokotala m'zipatala za boma, choncho tengani chitupa chawo mukaonane ndi wogwira ntchito yosamalira anthu pachipatalapo. Pemphani dokotala akulembereni mtundu weniweni wa chitsulo, mufunse mitengo m'malo angapo, ndipo dziwitsani lero lomwe abale a ku Malawi ndi ku Johannesburg, mpingo kapena mzikiti wanu.

Mayi akatuluka m'chipatala, aziyenda tsiku lililonse ndi ndodo monga momwe adzawaphunzitsire a fiziyo (achipatala ophunzitsa odwala masewero olimbitsa thupi), azidya matemba ndi minga yomwe, mkaka ndi ndiwo zamasamba, komanso aziwothera dzuwa m'mawa. M'bafa muja ikanimo mpando ndi chogwirira, pakuti amene wathyoka mbali imodzi amakhala pachiopsezo chachikulu chothyokanso mbali inayo.