Mowa wofululira pomwepo: kodi kuoneka kwake kwa mbuu n'koopsa?

FUNSO

Akonzi, kwathu ndi ku Ulónguè koma ndimagwira ntchito ku Moatize. Loweruka ine ndi anzanga timakonda kukacheza pamalo ena mumzinda wa Tete, pomwe mwini wake amafulula yekha mowa m'mathanki achitsulo n'kumaugulitsa pamodzi ndi nyama ya mbuzi yootcha, nsomba ya pende ndi tchipisi. Malowa ndimawakonda kwambiri, koma mayi akunyumba ali ndi nkhawa chifukwa mowawo umaoneka wa mbuu, ndipo akuti umawakumbutsa za ku Chitima. Komanso umawawa ndipo umandigwira msanga kuposa 2M. Kodi ndisiye kupitako?

Bambo wa ku Moatize

YANKHO

Bambo, nkhawa ya mayi musaipeputse, pakuti aliyense wa m'chigawo chathu amakumbukira kuti mu Januwale 2015 anthu 75 anamwalira ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, atamwa mowa wachikuda pamaliro. Masiku oyambirira kunamveka mphekesera ya ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atapima anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene amapangidwa ndi mabakiteriya omwe anali mu ufa wa chimanga woonongeka umene anafululira mowawo. Poizoniyu alibe fungo, alibe kakomedwe kachilendo, ndipo satha ngakhale muwiritse. Choncho chimene chinapha abale athu sichinali chooneka ndi maso m'chikho, chinali m'kasungidwe ka ufa, ndipo ndi pamenepo pomwe ndikufuna kuti muikepo mtima.

Mbuu umene mayi akuuopawo nthawi zambiri ndi yisiti ndi tizidutswa ta chimera totsalira. Mafakitale akuluakulu, monga amene amapanga 2M, Manica kapena Laurentina, womwe unayamba kufululidwa mu 1932, amasefa mowa mpaka uyere, ndipo wa m'mabotolo amautenthetsa pang'ono kuti ukhalitse m'sitolo. Wofulula pang'onopang'ono nthawi zambiri sachita zimenezi, chifukwa kusefa kwambiri kumachotsanso fungo ndi kukoma. Ntchito yake siyosiyana kwenikweni ndi imene agogo athu ku Angónia amachita pofulula masese: mbewu imanyikidwa m'madzi kuti imere, imayanikidwa, imaperedwa, kenako shuga wake amasanduka mowa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amagwiritsa ntchito chimera cha balere m'malo mwa mawere kapena chimanga, amasefa masese asanawiritse madziwo, ndipo amathira yisiti wosankhidwa m'thanki yotseka. Kuwawa kumachokera ku maluwa a chomera chotchedwa hops, amene amathandizanso kuti mowa usasase msanga.

Tsono poweruza malowo musayang'ane maonekedwe a mowa, yang'anani ukhondo ndi kuzizira. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni kumene amafululira. Munthu wonyadira ntchito yake sakana. Muone ngati matumba a chimera asanjikidwa pamwamba, pouma, osati pansi pamene madzi otsukira amadutsa. Tapani pang'ono m'dzanja: chimera chabwino chimakhala chouma gwa, chimaphwanyika mukachiluma ndipo chimanunkhira ngati buledi, pamene chonyowa chimamatana ndi kumveka fungo la nkhungu. Muonenso mapaipi ndi pompopi yothirira mowa, ngati palibe utoto wakuda wokanirira kapena ntchentche zounjikana pakamwa pake. Funsani ngati ali ndi chiphaso cha boma chofululira ndi kugulitsa, ndiponso chimene amachita magetsi akazima. Funso lomalizali n'lofunika kwambiri kwathu kuno, chifukwa mowa wa mtundu wina wotchedwa ale umafuna kuwira pa madigiri apafupifupi 20, wa mtundu wotchedwa lager, womwe ndi ngati 2M, pa madigiri apafupifupi 10, pamene mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Mowa wowirira pamalo otentha chotere umatuluka ndi fungo lobaya m'mphuno, ndipo mukamva kuti wasasa pamene mwini wake sananene kuti ndi wamtundu wowawasa, ubwezeni.

Zakuti umakugwirani msanga, chifukwa chake n'chapafupi. Mowa wamba wa m'botolo umakhala ndi mphamvu ya pafupifupi 5 peresenti, koma wina wofululira pomwepo, makamaka wotchedwa IPA womwe ndi wowawa kwambiriwo, umafika 6 kapena 7 peresenti, ndipo kawirikawiri umabwera m'tambula yaikulu kuposa botolo laling'ono. Matambula awiri otere angathe kuposa mabotolo atatu amene munazolowera. Funsani mphamvu ya mowa uliwonse musanaitanitse, yambani ndi wopepuka, ndipo pakati pa tambula ndi tambula muzimwa madzi, pakuti thukuta la kuno limakhala litakuumitsani kale musanakhale pampando.

Pa chakudya, ine ndikuona kuti mwasankha bwino. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka m'Mozambique monse, ndipo mafuta ake amagwirizana ndi mowa wowawa, umene umatsuka m'kamwa kuti nthuli yotsatira ikome ngati yoyamba. Pende wootcha wothira mandimu amafuna mowa woyera wopepuka, chifukwa wowawa kwambiri umaphimba kukoma kwa nsomba. Samalani ndi tsabola wambiri pamodzi ndi IPA, popeza ziwirizi zimakolezerana moto m'kamwa ndipo mumapezeka mukumwa mofulumira. Chachikulu n'chakuti mbale ifike patebulo tambula yoyamba isanathe, ndipo amene adzayendetse galimoto pobwerera asamwe n'komwe.

Sindikuona chifukwa choti musiyire kupitako ngati malowo akwaniritsa zimene ndatchulazi, koma ngati mwini wake akana kukuonetsani mosungira chimera, kapena mupeza matumba onyowa, musamwenso pamenepo. Mukafuna kutengako wina kunyumba, kumbukirani kuti mowa wosatenthetsedwa umapitiriza kuwira ukafunda: uikeni m'firiji mukangofika, botolo likhale choimirira kuti nsenga zikhale pansi, ndipo muumwe pasanathe masiku ochepa.