Kodi kompyuta ingatchule yokha timadontho ta NMR?

Mchemwali wina amene akuphunzira kunja wandilembera imelo. Amafufuza puloteni ndi NMR, njira yopimira mamolekyulu ndi maginito amphamvu. Puloteni yake ili kale mu PDB, nkhokwe ya pa intaneti yosungira maonekedwe a mapuloteni, maonekedwe ake ndi odziwika, ndiye akuti bwanji avutike ndi assignment pamanja, kutanthauza kupeza mwini wa kadontho kalikonse ka NMR, pomwe mapulogalamu alipo? Ndawerenga ndili pakhonde kuno ku Senga Bay, mwera ukuwomba, ndipo kalatayi yanditokosa pachilonda.

Ine ntchito imeneyi inandidyera miyezi yambiri. Puloteni ndi mzere wa tizigawo totchedwa ma amino acid, ndipo pa chithunzi cha NMR chotchedwa HSQC, amino acid iliyonse imatulutsa kadontho kake, kupatula proline yomwe ilibe hydrogen pa nitrogen yake. Koma timadonthoto sitibwera ndi mayina. Umatenga miyeso ina iwiri ya NMR, HNCACB ndi CBCA(CO)NH, kuti kadontho kalikonse kakuuze kaboni wake ndi wa mnzake wam'mbuyo. Zili ngati agogo pamaliro, kufunsa aliyense kuti "inu ndinu a kwa yani?" mpaka mzere wonse wa banja utaoneka. Ukafika pa proline, mzere waduka. Kurt Wüthrich wa ku Zürich, amene analandira Nobel mu 2002, anayamba kulondola mizere yotereyi zida zimenezi kulibe. Ndikamuganiza ndimachita manyazi kudandaula.

Nditatopa, ndinapereka zonse kwa kompyuta pamodzi ndi maonekedwe a mu PDB. Kutacha, mayankho ali mbwee. Ndinavina ndekha mu labu! Patapita milungu itatu ndi pamene ndinaona kuti chigawo china chonse chasokonekera. Mu kristalo imene maonekedwe a mu PDB anachokera, chigawocho chinagwidwa ndi puloteni inzake, chili duu, pomwe m'chubu changa chinali kugwedezeka ngati bango m'madzi. Kompyuta sinaname. Ine ndi amene ndinaipatsa chithunzi cha nyanja ili bata n'kuifunsa za tsiku la mwera.

Ndiye pamenepa sindisintha maganizo: amene sanalondolepo ngakhale ma amino acid 20 pamanja asakhudze pulogalamu. Ena ati ndine wachikale, ayi zikomo. Amino acid ya glycine umaidziwira patali, kaboni wake wa alpha amakhala pafupi ndi 45 ppm (muyeso wa malo a kadontho pa chithunzi cha NMR) ndipo ilibe kaboni wa beta. Beta wa alanine ali cha pa 19, wa threonine cha pa 70. Msodzi wa kuno safunsa munthu kuti uyu ndi usipa kapena utaka. 

Sikuti mapulogalamuwo ndi oipa. FLYA ya Peter Güntert inatuluka mu 2012, ndipo ARTINA ya mu 2022 imawerenga ma spectra, zithunzi za NMR zija, yokha popanda munthu kusankha timadontho. Ndi AlphaFold, pulogalamu yolosera maonekedwe a mapuloteni, ngakhale puloteni yopanda kristalo ili ndi chithunzi choyambira. Ndikanakhala nazo zonsezi, bwenzi tsitsi ndikadali nalo.

Ndiye muchite chiyani?

Yeretsani kaye mndandanda wa timadontho, chifukwa zinyalala zikalowa pulogalamu imazipatsanso mayina. Onani ku BMRB, nkhokwe ya zotsatira za NMR, ngati wina anachitapo puloteni yofanana ndi yanu. Maonekedwe a mu PDB muwapereke kwa pulogalamu ya SHIFTX2 kapena SPARTA+ kuti ilosere ma chemical shift, manambala a ppm aja, kenako pulogalamu ya FLYA kapena MARS iwafananize ndi timadontho tanu. Mukatero, khalani pansi nokha, mchemwali, muyambire pa ma glycine ndi zigawo zogwedezekazo, makamaka malo onse amene mzere wadukira pa proline.