Agogo aterereka m'bafa: musawathowe, akajambulidwe

Mayi, mwafunsa za agogo anu aku Linthipe amene anaterereka m'bafa dzana, mpaka lero sakuponda, koma achibale akuti angobinya, awathowe ndi madzi otentha. Chonde kuthowako kuyambe kwaima.

Agonekeni chagada muyang'ane mapazi. Mwendo wopwetekawo ukaoneka waufupi kuposa unzake, phazi litagwera kunja ngati likufuna kugona pamkeka, ndipo mukangougwedeza pang'ono iwo n'kukuwa kuti m'mphechepeche mukupweteka, kawirikawiri ndiye kuti fupa lathyoka.

Fupa la m'ntchafu kumtunda kwake kuli mutu wobulungira womwe umalowa m'kabowo ka fupa la chiuno, ndipo mutuwo umagwiridwa ndi kakhosi kopyapyala. Amayi akasiya msambo mafupa amayamba kufumbwa m'kati, moti kugwa kwa pabafa pokhapo n'kokwanira kuthyola kakhosiko. Choipa n'chakuti mitsempha yopereka magazi kumutuwo imadutsa pakhosi pomwepo. Ikaduka, mutu uja umatha kufa, n'chifukwa chake ena amachita kuwaikira wachitsulo pa opaleshoni. Komanso ululu wake umanamiza, ena amaumvera m'bondo. Azakhali anga tinawathowa bondo sabata yathunthu, bondo losalakwa, pomwe chothyoka chinali m'nyonga. Ndikakumbukira ndimachitabe manyazi.

Powanyamula musawakhazike pa kabaza. Agonekeni pachitseko kapena pathabwa lalikulu, ikani bulangete lopindapinda pakati pa miyendo, mumange miyendo yonse iwiri ndi zitenje mosathinitsa, kenako mupeze galimoto. Mwendowo musaukoke pofuna kuuwongola. Ku chipatala cha boma ku Dedza akawajambula X-ray, ndipo zikafuna madokotala a mafupa amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Musanene kuti tidikire mwezi uthe. Wokalamba akagona malo amodzi masiku ambiri amatuluka zilonda kumatako, magazi amaundana m'miyendo, ndipo ndi kuzizira kwathu kuno chibayo sichichedwa.

Bambo amene munafunsa ngati izi n'zimodzi ndi kuthyoka fupa la chiuno lenilenilo: ayi. Lija kawirikawiri limafuna mphamvu yaikulu, monga ngozi za pa M1, ndipo munthu amatha kutaya magazi ambiri m'kati kunja osaoneka bala. Mukaona akutumbuluka, thukuta lozizira, mkodzo wamagazi kapena ukukanika kutuluka, mangani chitenje mwamphamvu mozunguliza pa nyonga, muthamange naye nthawi yomweyo.