Mafunso a owerenga: Chichewa ndi mapulogalamu oyendetsedwa ndi mawu

Mafunso anayi amene ndikuyankha lero akukhudza mapulogalamu a pakompyuta ndi pafoni amene amathandiza munthu kulemba ndi kuyendetsa makina pongolankhula, pamene manja ake sangathe kugwira ntchitoyo.

"Ndikumasulira kabuku kothandiza anthu amene anavulala msana, ndipo ndalemba kuti 'mapulogalamu ozindikira mawu'. Kodi ndalondola?"

Ambiri amalemba choncho, ndipo wowerenga akhoza kumva, koma dzinali lili ndi vuto. M'Chichewa, "mawu" ndi zimene munthu wanena, komanso ndi kamvekedwe ka pakhosi pake. Tikati "ndazindikira mawu ake", timatanthauza kuti tamudziwa wolankhulayo ngakhale sitikumuona. Makina ochita zimenezi alipodi, ndipo mabanki ena amawagwiritsa ntchito potsimikiza kuti woimba foni ndi mwini akaunti. Munthu amene anavulala msana sakufuna kompyuta yomudziwa kuti iye ndani. Akufuna kompyuta imve zimene wanena ndi kuchitapo kanthu.

Ndikulangizani kuti mutchule pulogalamu iliyonse malinga ndi ntchito yake, pakuti ntchitozo ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusandutsa zolankhula kukhala zolembedwa, ndipo pamenepo nenani kuti "pulogalamu yolemba zolankhula". Chitsanzo chodziwika ndi Dragon NaturallySpeaking, imene inatuluka mu 1997 ndipo inalola munthu kulankhula mosadukiza, pamene DragonDictate ya mu 1990 inkafuna kuti apume pambuyo pa liwu lililonse. Yachiwiri ndi kuyendetsa chipangizo chonse, monga kutsegula uthenga, kutsitsa tsamba ndi kudina batani, ndipo pamenepo ndimakonda "pulogalamu yomvera mawu", chifukwa mneni "kumvera" amasonyeza kuti wamva ndipo wachita zimene wauzidwa. Voice Access imene Google inatulutsa mu 2018 ndi Voice Control imene Apple inatulutsa mu 2019 ndi za mtundu umenewu: zimatha kuika nambala pa chinthu chilichonse chooneka pasikirini, ndipo munthu akatchula nambala, chinthucho chimadinika. Kusiyanitsaku si kwa akatswiri a galamala okha. Munthu amene ali ndi pulogalamu yolemba yokha amadikirabe wina kuti amutsegulire kompyuta ndi kumutumizira kalatayo, ndiye kabuku kanu kamuuze poyera zimene adzatha kuchita yekha.

"Bambo anga anadwala sitiroko ndipo dzanja lawo lamanja siligwira. Ndikamafunsa za mapulogalamuwa ndimasowa mawu aulemu owafotokozera. Ndinene kuti ndi olumala, opuwala kapena odwala?"

Mwanena kale bwino m'funso lanu lomweli: "dzanja lawo lamanja siligwira". Chiganizo chimenechi chikunena za dzanja ndipo chikusiya bambo anu ali bambo anu. Mawu ngati "wopuwala" ndi "wopunduka" amakuta munthu yense ndi vuto la chiwalo chimodzi, ndipo "chilema" ndi loipitsitsa likanenedwa kwa munthu, chifukwa limamuika m'gulu la maina a zinthu, momwe muli chitseko ndi chingwe. "Odwala" ndi loona pa nthawi imene ali m'chipatala, koma munthu amene anaduka mkono pangozi zaka zambiri zapitazo, kapena amene anabadwa ndi manja osawongoka, si wodwala. "Opanda manja" nalonso ndi lolakwika kwa anthu ambiri amene mapulogalamuwa amawathandiza, pakuti manja ali nawo, kungoti amanjenjemera ndi matenda a Parkinson, amaphwanya ndi nyamakazi, kapena amatopa msanga chifukwa minofu ikufooka.

Polankhula za gulu lonse, masiku ano manyuzipepala ndi mawailesi amanena kuti "anthu aulumali", ndipo ndi mawu abwino chifukwa amayamba ndi "anthu", monga momwe pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wawo limatsogozera munthu m'dzina lake. Koma pofunsa za pulogalamu, mawu achindunji ndi amene amathandiza: "munthu amene amavutika kugwiritsa ntchito manja", "amene zala zake sizitha kudina", "amene satha kugwira foni nthawi yaitali". Musaiwalenso kunena ngati sitirokoyo inakhudza kalankhulidwe kawo, chifukwa mapulogalamu ambiri anaphunzira kuchokera kwa anthu olankhula momveka, ndipo amalakwitsa kwambiri lilime likamalemera. Ndi chifukwa chake Google inayambitsa Project Euphonia mu 2019, kuti isonkhanitse mawu a anthu amene kalankhulidwe kawo kanasintha. Koposa zonse, afunseni bambo anuwo mawu amene iwo akufuna kuti muzigwiritsa ntchito.

"Polamula makina, tinene kuti 'tsegula' kapena 'tsegulani'?"

Nenani kuti "tsegula". Ulemu wa "-ni" ndi wa anthu, ndipo munthu amene amayendetsa kompyuta ndi pakamwa tsiku lonse amatopa kukhosi, choncho lamulo lalifupi limamupeputsira ntchito. Koma makina akamalankhula kwa munthu, kapena inu mukamalemba malangizo, ulemu ubwerere pamalo pake: "nenaninso", "sankhani nambala", "dikirani pang'ono". Pa zizindikiro za m'kalembedwe palibe chifukwa chopekera maina atsopano, pakuti amene tinaphunzira kusukulu ndi okwanira: mpumiro, mpatuliro, mfunsiro ndi mfuuliro. Wolemba ndi pakamwa amayenera kutchula zizindikirozi mokweza pamene zikufunika, ndipo ndikuchenjeza okonza mapulogalamu kuti "mfunsiro" ndi "mfuuliro" amayandikana kamvekedwe, kotero ayesedwe mosamala pa anthu a malankhulidwe osiyanasiyana.

"Ndinamva kuti makina sangathe kulemba Chichewa chifukwa liwu limodzi limasintha tanthauzo malinga ndi kukweza kapena kutsitsa mawu. Kodi ndi zoona?"

Ndi zoona kuti Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo mwa njira imeneyi. "Mtengo" wa m'nkhalango umakwera pa "te", pamene "mtengo" wa katundu sukwera, ndipo "ndimathandiza" akhoza kunena za chizolowezi cha lero kapena za zimene zinkachitika kale, malinga ndi pamene mawu akwera. Koma taonani kuti polemba sitiika chizindikiro chilichonse chosonyeza kusiyanako. Pulogalamu ikamva "mtengo" wamtundu uliwonse idzalemba zilembo zomwezo, ndipo wowerenga adzamva tanthauzo kuchokera m'chiganizo, monga timachitira nthawi zonse. Chitchaina chimadalira kukwera ndi kutsika kwa mawu kuposa Chichewa, komabe chili ndi mapulogalamu olemba zolankhula amene anthu ambirimbiri amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Zovuta zenizeni zili pena. Choyamba ndi kampweya kamene kamasiyanitsa "kola" ndi "khola", kapena "kama" ndi "khama", kamene kamatayika mosavuta maikolofoni ikakhala yosalongosoka kapena wolankhula akakhala wofooka. Chachiwiri ndi zinthu zimene khutu silingathe kugamula. Lamulo la kalembedwe limati "r" abwere pambuyo pa "i" kapena "e", monga mu "kulira" ndi "kulera", ndipo "l" akhale m'malo ena, kupatula mawu ngati "tili" ndi "chilichonse". Koma polankhula anthu ambiri sasiyanitsa zilembo ziwirizi. Chimodzimodzinso "mawu" ndi "mau", kapena "pakompyuta" ndi "pa kompyuta": pakamwa ndi chimodzi, papepala ndi ziwiri. Makina amaphunzira kalembedwe kuchokera m'zimene ife talemba, ndipo akapeza liwu limodzi litalembedwa mwa njira zitatu, nawonso amalemba mosinthasintha. Kwa munthu wa manja abwino, kukonza chilembo chimodzi ndi kanthu kochepa, koma kwa amene amakonza ndi pakamwa ndi malamulo angapo otsatizana: kusankha liwulo, kulifufuta, ndi kulitchulanso chilembo ndi chilembo. Apa ndi pamene malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inatulutsa mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, amaonekera kufunika kwake. Ntchito ya bungweli inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies kuyambira mu 1996.

Chovuta chachikulu kuposa zonsezi ndi kuchepa kwa mawu ojambulidwa amene ali ndi zolembedwa zake. Whisper, pulogalamu yolemba zolankhula imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2022, inaphunzitsidwa ndi maola 680,000 a zojambulidwa, ndipo mbali yaikulu inali ya Chingerezi. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa makina olemba zolankhula za m'zilankhulo zoposa 1,100, ndipo Chichewa chili m'gulumo, koma zambiri zimene anaphunzirira ndi mawu a anthu owerenga Chipangano Chatsopano, ndipo munthu wowerenga malemba salankhula ngati munthu wolembera mwana wake uthenga kapena woyankha abwana ake kuntchito. Pamene ndikulemba pano, Dragon ndi Voice Control salandira malamulo a m'Chichewa, choncho wolankhula Chichewa amene akufuna kuzigwiritsa ntchito ayenera kulamula m'Chingerezi kapena m'chilankhulo china chimene mapulogalamuwo amachidziwa.