Impso yotsika si ulesi, ndipo si ufiti

Achemwali a ku Area 36 ku Lilongwe mwandilembera kuti adokotala akuuzani kuti impso yanu yakumanja imatsika mukaimirira. Mukufunsa ngati pafunika opaleshoni, poti apongozi anu akuti n'zochita kutumiziridwa. Imelo yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa ndinaona ndi maso anga mayi anga aang'ono akuzunzika ndi vuto lomweli.

Iwowo ankagulitsa kaunjika pa msika wa Tsoka, ndipo anali ochepa thupi kuyambira utsikana. M'mawa ankadzuka bwinobwino. Koma dzuwa likafika paliwombo, ataima nthawi yaitali akutambasulira makasitomala madiresi, m'nthiti mwakumanja munkayamba kukoka, mseru n'kubwera, masiku ena mpaka kusanza. Akagona chagada pamwamba pa belo, ululu unkazilala, kenako ankakataya madzi ambiri nthawi imodzi. Anzawo ankawanena kuti, "Wodwala wanji wochira akangogona?" Achibale ena ankanong'ona kuti ndi zizimba za bizinesi zawatembenukira. Pachipatala china anawaunika m'mimba atagona, n'kuwauza kuti zonse zili bwino, akamwe Panado.

Apa ndiye pamene pamandikwiyitsa mpaka lero. Munthu akuti ndimamva ululu ndikaimirira, inu mukumuunika atagona, mupeza chiyani? Impso zimakhala chakumsana, m'munsi mwa nthiti, zitakutidwa ndi mafuta amene amathandiza kuzigwira. Mwa anthu ena, makamaka amayi ochepa thupi, ndipo kawirikawiri mbali yakumanja, impso imatsika kupitirira masentimita 5 akaimirira, n'kubwerera pamalo pake akagona. Madokotala amati nephroptosis. Ikatsika, kanjira kotengera mkodzo kuchikhodzodzo kamapindika ngati paipi yothirira dimba ikapondedwa, mkodzo n'kudzadza mu impso. Si zatsopano ayi. Dokotala wa ku Poland, Józef Dietl, analongosola ululu umenewu mu 1864, ndipo mu 1881 Eugen Hahn wa ku Berlin anachita opaleshoni yosokerera impso kuti isamatsike. Kenako madokotala a kunjako anapyola muyeso, ankasoka ngakhale impso za anthu amene ululu wawo unali wa zina, mpaka ambiri anasiya kukhulupirira kuti matendawa alipo. Ine ndimaona kuti amene amalipira kukayikira kumeneku ndi amayi, chifukwa mayi akadandaula za ululu wosaoneka ndi maso timathamangira kunena kuti akungonamizira.

Mayi aang'ono anapezeka ndi vutoli pamene dokotala wina anangowauza kuti, "Taimirirani ndikuunikeninso." Basi. Opaleshoni sanachite. Anagula kampando, ananenepako pang'ono, ululu unachepa. Koma asanafike pamenepo anali atamwa Brufen wa pagolosale ngati mtedza, komanso zamadzimadzi zija amagulitsa anyamata a zimkuzamawu ku depoti, zoti "zimatsuka impso". Zimenezija ndimadana nazo. Brufen ndi Diclofenac ukamamwa tsiku ndi tsiku amawononga impso, ndipo m'mabotolo amene aja palibe akudziwa kuti anathiramo chiyani. Pitani mukaone anthu amene amadikira makina a dialysis, otsuka magazi impso zikasiya kugwira ntchito, ku chipatala cha Kamuzu Central, simudzaseweranso ndi impso zanu.

Ndiye mutani?

Choyamba afunseni adokotala ngati impsoyo imachita kutsika kapena munabadwa ili m'munsi, cha m'chiuno, chifukwa n'zosiyana, ndipo ambiri obadwa nayo m'chiuno amakalamba osadziwa n'komwe. Pemphani akuunikeni mutagona komanso mutaimirira, akuyezeni mkodzo ndi BP. Ngati mumaona magazi mumkodzo ayezenso likodzo, poti kwathu kuno ndi lofala. Ambiri safuna opaleshoni. Imachitika ngati ululu wakanika kapena ngati mkodzo ukutsekeka mpaka kuwononga impsoyo, ndipo zikatero a ku Kawale kapena ku Bwaila akulemberani kalata yopita ku Central. Mukatentha thupi pamodzi ndi ululu wa m'nthitiwo, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, musadikire kuti kuche. Apongoziwo muwatenge tsiku lokaunikidwa, akaone okha impsoyo ikutsika pa makina.