Bwana akufuna malisiti mwezi uno, ine ndikufuna kumanga m'zigawo

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnyamata wina wa ku Santhe amene anamaliza maphunziro a kompyuta chaka chatha. Akulembera pulogalamu kopaletivu ina ya soya ndi mtedza kuno ku Kasungu. Akuti: "Ku yunivesite anatiphunzitsa kumanga pulogalamu m'zigawozigawo, chigawo chilichonse choima pachokha. Bwana wanga akuti kumeneko n'kutaya nthawi, alimi akufuna malisiti mwezi uno. Nditani?"

Achimwene, bwana wanu sakunama, komanso aphunzitsi anu sanakunamizeni.

Ganizoli ndi lakale. Mu 1968, pa msonkhano wa NATO ku Garmisch, m'dziko la Germany, katswiri wa makompyuta Douglas McIlroy anati mapulogalamu azimangidwa ngati makina, ndi zida zopangidwa kale, zongotenga n'kulumikiza. Wakabaza aliyense pa depoti amaidziwa nzeru imeneyi: tcheni chikaduka sagula njinga ina, amakankhira kwa amakaniko, aika china, ulendo n'kupitirira. Koma chimene chingakuthandizeni kwambiri ndi chimene katswiri winanso, David Parnas, analemba mu 1972. Iye anati musadule pulogalamu pongotsata mmene ntchito imayendera. Yang'anani malo amene mukudziwa kuti adzasintha, aliwonse muwabise m'chigawo chakechake.

Ndiye pa kopaletivu yanuyo, chimasinthasintha n'chiyani? Mtengo wa soya, umene sukhala sabata ziwiri pamodzimodzi. Njira yolipirira alimi: lero Airtel Money, mawa Mpamba, mkucha wina akufuna za kubanki. Kampani yotumizira ma SMS. Zitatu zimenezi muzimangire chilichonse kachipinda kake ka khomo limodzi. Pulogalamu yonse izingonena kuti "mlimi uyu alandire ndalama izi", isadziwe n'komwe kuti ndalamazo zadutsa pa netiweki iti. Koma fomu yolembera dzina la mlimi, mudzi ndi mfumu yake? Ilembeni msangamsanga mupite patsogolo. Pamenepo bwana wanu akunena zoona.

Ine izi ndinaziphunzira ndi manyazi. Ndinalembera pulogalamu sitolo ina yogulitsa feteleza ndi mbewu, ndipo chifukwa chofulumira, kawerengedwe ka mtengo wa thumba la makilogalamu 50 ndinangokakopera malo asanu: pa lisiti, pa lipoti la tsiku, pa sitoko, pa kuchotsera mtengo, ndi pa ngongole. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo inasintha usiku umodzi. Ndinakonza malo anayi, pa ngongole ndinaiwala. Sabata yathunthu, aliyense wotenga feteleza wa ngongole ankalembedwa mtengo wakale. Mwini sitolo anandiimbira tambala asanalire kachiwiri, ndipo ndinakamupeza atakhala pa matumba, kope la ngongole pamiyendo, akuwerenga ndi cholembera chofiira. Sanakalipe ayi, anangoti, "Mwana wanga, kompyuta yakoyi ndi yachifundo kuposa ine." Chigawo chimodzi chowerengera mtengo chikanandipulumutsa, ndipo chikanatenga masana amodzi okha kulemba.

Chenjezo lina, pakuti ndikudziwa kuti mudzafuna kubwereka zigawo zolembedwa kale. Chigawo chilichonse chimabwera ndi zimene wochilemba ankaganiza kuti sizidzasintha. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi itanyamuka ku Kourou, ku South America. Anatengera pulogalamu yoongolera ya Ariane 4, imene inkagwira bwino ntchito, koma roketi yatsopanoyo inkathamanga mosiyana, nambala ina inakula mpaka kulephera kukwana m'kamalo kakang'ono kamene anaisungira m'kompyuta. Kwathu kuno si roketi, koma vuto ndi lomwelo. Mnzanu akakupatsani chigawo chimene analembera alimi a fodya ogulitsa ku Chinkhoma, dziwani kuti m'katimo muli mabelo ndi madola, pomwe soya wanu ndi wa matumba ndi makwacha. Chiyeseni ndi manambala anuanu musanachilumikize.

Kwa bwana wanu musapite ndi mawu a m'kalasi, adzangoti mwayamba chizungu. Muwauze kuti mukupempha masiku awiri owonjezera, kuti tsiku limene kopaletivu idzasinthe njira yolipirira, mudzakonze fayilo imodzi, osati khumi. Akakana awiri, pemphani limodzi, ndipo muyambe ndi chigawo cha mtengo.